Kugawa netiweki ya loji m'ma VLAN: ofesi, alendo ndi makamera pa swichi imodzi

Loji ya zipinda 10 kapena 15 pa Kasungu boma nthawi zambiri imayamba ndi rauta imodzi, ija anabweretsa a kampani ya intaneti. Pasiwedi ya Wi-Fi imalembedwa pa kapepala n'kumatidwa pa resepishoni. Bizinesi ikamakula pamabwera kompyuta ya akauntanti, pulinta, makamera ndi makina olipirira pa khadi, zonsezo n'kulowa pa netiweki yomwe ija mlendo aliyense wochokera pa M1 amalowapo ndi foni yake. Zikatere, mlendo wa m'chipinda chakumapeto angathe kufika pa tsamba la makina osungira zithunzi za makamera, kapena pa mafayilo a malipiro a antchito ngati anasiyidwa otsegula. Alendo ambiri alibe nazo ntchito zimenezo, koma laputopu yodwala vayirasi imafufuza yokha chilichonse chimene ili nacho pafupi, mwini wake ali mtulo.

Mankhwala ake si kugula intaneti itatu kapena kukoka makebulo atsopano m'denga monse. Swichi imodzi, bokosi limene makebulo a netiweki amakumanapo, ingathe kunyamula manetiweki angapo osaonana, ndipo njira yake ndiyo VLAN. Ndatenga chitsanzo cha loji, koma zonsezi zikugwiranso pa sukulu ya pulayiveti, ofesi ya kopaletivi ya alimi kapena kachipatala kakang'ono.

Zoyenera kumvetsa musanagwire chilichonse

Uthenga pa kebulo ya netiweki umayenda m'timagawo totchedwa ma frame. Muyezo wa IEEE 802.1Q, umene unatuluka koyamba mu 1998, umalola swichi kuika kachizindikiro ka ma byte 4 mkati mwa frame iliyonse. M'kachizindikiroko muli nambala ya VLAN, ndipo manambala ogwiritsidwa ntchito amayambira pa 1 kulekeza 4094. Swichi ikaona frame ya VLAN 20 imaipereka ku ma port (mabowo olumikizapo makebulo) okhawo amene ali mu VLAN 20.

Amene anaperekezapo fodya ku Chinkhoma sangavutike kumva zimenezi. Lole imodzi imasenza mabelo a alimi ambiri, koma sasokonekera chifukwa belo lililonse lili ndi tikiti ya mwini wake. M'chigafa cha mlimi mmodzi tikiti siifunika, fodya yense ndi wake. Port imene ikupita ku chipangizo chimodzi, monga kompyuta, pulinta kapena kamera, ili ngati chigafacho: imakhala ya VLAN imodzi ndipo ma frame amatuluka opanda chizindikiro. Imeneyi imatchedwa access port, ndipo pa ma swichi ena mudzangoona mawu akuti Untagged. Port imene ikupita ku rauta, ku swichi ina kapena ku access point (chipangizo choulutsa Wi-Fi) ndiyo lole: imanyamula ma VLAN angapo, frame iliyonse ndi chizindikiro chake. Imeneyi ndi trunk, kapena kuti Tagged.

Pali kanthu kachitatu kamene kamagwetsa anthu ambiri, PVID. Kuika port kukhala Untagged mu VLAN 10 kumangouza swichi chochita ndi ma frame otuluka. PVID ndi imene imanena kuti frame yolowa yopanda chizindikiro iikidwe mu VLAN iti. Pa ma swichi ang'onoang'ono ambiri zinthu ziwirizi zili pa masamba osiyana, ndipo mukakonza chimodzi n'kuiwala chinzake, kompyuta imalankhula mu VLAN 1 pamene mayankho akuyembekezeka mu VLAN 10. Magetsi a port amathwanima bwinobwino koma palibe chimene chimadutsa.

Zida

Pakufunika swichi ya mtundu wa managed kapena smart. Tima swichi totchipa tongolumikiza n'kuyamba kugwira, topanda tsamba lolowera, sitidziwa za VLAN. Pogula, onani pa katoni ngati palembedwa 802.1Q. Ngati makamera ndi ma access point azilandira magetsi kudzera pa kebulo ya netiweki, swichiyo ikhale ya PoE, ndipo muwerengere mphamvu yake yonse, osati kuchuluka kwa ma port kokha. Muyezo wa 802.3af umapereka mpaka ma watt 15.4 pa port, wa 802.3at mpaka 30, koma swichi iliyonse ili ndi malire a mphamvu imene ingagawe ku ma port onse pamodzi.

Rauta nayonso iyenera kudziwa VLAN. Zimene amapereka a makampani a intaneti kawirikawiri sizidziwa, ndipo rauta ya Starlink nayo ilibe zimenezi. Choncho mumaika rauta yanu kumbuyo kwake. M'chitsanzo chino ndigwiritsa ntchito MikroTik hEX, ya ma port 5, chifukwa ndi yaing'ono, imadya magetsi ochepa, ndipo imayenda bwino pa batire ya sola. Access point ikhale yotha kuulutsa maina angapo a Wi-Fi, lililonse ndi VLAN yake. Za TP-Link Omada ndi za Ubiquiti UniFi zimatero.

Pa kebulo musaumire ndalama. Tengani Cat5e kapena Cat6 ya kopa weniweni. Pali ina yotchipa yolembedwa CCA, imene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa; imathyoka msanga ndipo siinyamula bwino magetsi a PoE. Kebulo imodzi isapitirire mamita 100.

Gawo loyamba: lembani papepala

Ndimalimbikira kwambiri pamenepa, chifukwa zosokonekera zambiri pa ntchitoyi zimachokera posankha zinthu munthu ali kale pa tsamba la swichi. Khalani pansi ndi eni malo, muwafunse mwaulemu kuti ndani ayenera kuona chiyani. Kodi a manijala amafuna kuona makamera pa foni ali ku Lilongwe? Kodi alendo a m'holo ya misonkhano amaloledwa kupulinta? Mayankho amenewa ndi amene adzakhale malamulo a firewall, mbali ya rauta imene imalola kapena kutchinga uthenga.

Dongosolo la chitsanzo chathu ndi ili:

VLAN 10, ofesi, maadiresi a 10.10.10.0/24
VLAN 20, alendo, 10.10.20.0/24
VLAN 30, makamera, 10.10.30.0/24
VLAN 99, yoyendetsera zida zenizenizo, 10.10.99.0/24

Nambala yachitatu ya adiresi ikufanana ndi nambala ya VLAN mwadala. Mukaona foni ili ndi 10.10.20.37 mwadziwiratu kumene ili popanda kutsegula buku. Ndapewanso maadiresi oyamba ndi 192.168 chifukwa marauta a makampani a intaneti amakonda omwewo: ambiri amabwera ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, a Huawei a 4G ndi 192.168.8.1, ndipo dishi ya Starlink imapezeka pa 192.168.100.1. Adiresi ya mkati ikafanana ndi ya mbali ya intaneti, rauta imasowa kolowera. Mu VLAN iliyonse rauta yathu itenga adiresi yothera ndi .1.

Kenaka ma port a swichi ya 16:

Port 1, yopita ku rauta: Tagged 10, 20, 30 ndi 99
Port 2 ndi 3, ma access point: Tagged 10 ndi 20, Untagged 99, PVID 99
Port 4 mpaka 8, makamera ndi NVR (makina osungira zithunzi za makamera): Untagged 30, PVID 30
Port 9 mpaka 13, makompyuta a mu ofesi ndi pulinta: Untagged 10, PVID 10
Port 14, soketi ya pakhoma m'holo ya misonkhano: Untagged 20, PVID 20
Port 15, yosagwiritsidwa ntchito: yozimitsa
Port 16, yodzipulumutsira: Untagged 99, PVID 99

Port 16 musalumikizepo kanthu. Ntchito yake ndi tsiku limene zinthu zasokonekera ndipo mukufuna polowera potsimikizika.

Ma NVR ambiri amabwera ndi ma port awoawo a PoE kumbuyo. Ngati makamera alumikizidwa pamenepo, ali kale pa netiweki yawoyawo, ndipo pa swichi yathu pangofunika port imodzi ya NVR mu VLAN 30.

Matani kapepala ka nambala mbali zonse ziwiri za kebulo iliyonse. Ntchitoyi muigwire nthawi imene mu ofesi mulibe anthu, osati mmawa alendo akulipira.

Gawo lachiwiri: rauta

Lumikizani laputopu pa ether3 ya MikroTik, tsegulani WinBox, pulogalamu yoyendetsera MikroTik, lowani pa 192.168.88.1. Sinthani pasiwedi musanachite china chilichonse. Kenaka dinani batani la Safe Mode: likayaka, ndipo mwalakwitsa chinthu chimene chadula kulumikizana kwanu, rauta imabweza yokha zimene munasintha. Mukamaliza kagawo n'kuona kuti kali bwino, lidineninso kuti zosinthazo zikhazikike.

Intaneti ilowera pa ether1 monga mwa fakitale. Port ya ether2 tiichotsa mu bridge, gulu limene limamanga ma port a mkati pamodzi, kuti ikhale trunk yopita ku swichi. Ma port otsalawo asiyeni mmene alili, akhale khomo lanu lolowera mu rauta. Tsegulani New Terminal mulembe:

/interface bridge port remove [find interface=ether2]
/interface vlan add name=vlan10-ofesi interface=ether2 vlan-id=10
/interface vlan add name=vlan20-alendo interface=ether2 vlan-id=20
/interface vlan add name=vlan30-makamera interface=ether2 vlan-id=30
/interface vlan add name=vlan99-zida interface=ether2 vlan-id=99
/ip address add address=10.10.10.1/24 interface=vlan10-ofesi
/ip address add address=10.10.20.1/24 interface=vlan20-alendo
/ip address add address=10.10.30.1/24 interface=vlan30-makamera
/ip address add address=10.10.99.1/24 interface=vlan99-zida

Tsopano VLAN iliyonse ikufunika DHCP yake yogawa maadiresi. Pitani pa IP, kenaka DHCP Server, dinani DHCP Setup, musankhe interface, muyankhe mafunso ake, ndipo mubwereze kwa ma VLAN onse anayi. Ikafunsa maadiresi oti igawe, yambirani pa .50 kulekeza .250, kuti apansiwo atsale a zida za adiresi yosasintha monga pulinta, NVR ndi swichi. Kwa alendo, nthawi yobwereketsa adiresi ikhale yaifupi, ola limodzi kapena awiri, chifukwa tsiku la msonkhano kapena ukwati mafoni amalowa ndi kutuluka ambiri ndipo maadiresi angathe kutha. Pa DNS (imene imamasulira maina a masamba kukhala maadiresi) ya alendo ndi makamera lembani 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8.

Chifukwa cha DNS imeneyo ndi ichi. Firewall imene MikroTik imabwera nayo imakana aliyense wofuna kulankhula ndi rauta yeniyeniyo ngati sali pa mndandanda wotchedwa LAN. Ife tiika ofesi ndi VLAN ya zida pa mndandandawo, alendo ndi makamera ayi:

/interface list member add list=LAN interface=vlan10-ofesi
/interface list member add list=LAN interface=vlan99-zida

Motero mlendo sangafike pa tsamba lolowera mu rauta, komanso sangaifunse za DNS, n'chifukwa chake tamupatsa ya kunja.

Gawo lachitatu: swichi

Apa ndi pamene munthu amadzitsekera kunja, choncho tsatirani ndondomekoyi mmene ilili. Lumikizani laputopu pa port 15, imene ikadali mu VLAN 1 monga mwa fakitale. Adiresi yolowera imakhala pa kapepala ka pansi pa swichi kapena m'kabuku kake. Ma swichi ambiri a TP-Link amakhala pa 192.168.0.1. Ipatseni laputopu adiresi yapamanja ya gulu lomwelo, monga 192.168.0.50, mutsegule browser, mulowe, musinthe pasiwedi.

Fufuzani tsamba la 802.1Q VLAN ndipo muliyatse. Samalani, ma swichi ena ali ndi mitundu ina monga Port Based VLAN ndi MTU VLAN. Imeneyo siika chizindikiro pa ma frame ndipo siingamvane ndi rauta yathu.

Pangani VLAN 10, muipatse dzina. Pa port 1, 2 ndi 3 sankhani Tagged, pa port 9 mpaka 13 Untagged, ena onse Not Member. Pangani VLAN 20: Tagged pa 1, 2 ndi 3, Untagged pa 14. VLAN 30: Tagged pa port 1 yokha, Untagged pa 4 mpaka 8. Makamera alibe chochita ndi Wi-Fi, ndiye palibe chifukwa chotumizira VLAN 30 ku ma access point. VLAN 99: Tagged pa 1, Untagged pa 2, 3 ndi 16.

Tsopano pitani pa tsamba la PVID muike manambala monga alili papepala lanu, port ndi port. Mukatha, bwererani ku VLAN 1 muchotsemo ma port onse amene mwawapatsa kwawo, kusiya port 15 imene mwakhalapo. Port imodzi isakhale Untagged m'ma VLAN awiri. Swichi ina imalola zimenezi osadandaula, koma ndi mmene mauthenga a gulu lina amadonthera ku gulu lina.

Lumikizani port 1 ku ether2 ya rauta. Musanapitirire, yesani: chotsani adiresi yapamanja pa laputopu, ilumikizeni pa port 9. Ikalandira adiresi yoyamba ndi 10.10.10, trunk ikugwira. Yesaninso pa port 14, pa 4 ndi pa 16, paliponse nambala yachitatu igwirizane ndi VLAN ya port imeneyo.

Chomaliza ndicho kusamutsa swichi yeniyeniyo. Bwererani pa port 15 ndi adiresi yapamanja ija, musinthe adiresi ya swichi kukhala 10.10.99.2, gateway (adiresi ya rauta) 10.10.99.1, ndi Management VLAN kukhala 99. Tsamba lizima nthawi yomweyo, ndipo mmenemo ndi mmene ziyenera kukhalira. Samutsirani kebulo pa port 16, laputopu itenge adiresi yokha, mulowe pa 10.10.99.2. Mukalowa bwino, zimitsani port 15, kenaka dinani Save. Pa ma swichi ambiri batani la Apply limagwiritsa ntchito zosintha nthawi yomweyo koma silizisunga. Zimenezi zimakuthandizani mukadzitsekera kunja musanaseve, chifukwa kuzimitsa ndi kuyatsanso kumabweza zakale. Zimapwetekanso mukaiwala kuseva: magetsi a ESCOM akangothima kamodzi, ntchito yonse yafufutika, ndipo foni ikupezani muli kale ku Santhe.

Tima swichi tina tating'ono ta smart tilibe malo osankhira Management VLAN. Ngati yanu ndi yotero, musalimbane nayo. Siyani VLAN 1 igwire ntchito ya 99: ikhale Untagged pa port 1, 2, 3 ndi 16, ndipo pa rauta adiresi ya 10.10.99.1 ndi DHCP yake muziike pa ether2 penipeni, ndi ether2 yomweyo pa mndandanda wa LAN. Chachikulu n'chakuti mu VLAN 1 musatsale port iliyonse ya anthu wamba.

Ngati swichi ndi ya Cisco

Ma Catalyst 2960 akale amapezeka ogwiritsidwapo kale ntchito ndipo ndi olimba. Mumalowa ndi kebulo ya console pa liwiro la 9600. Ku Cisco PVID simuiona padera. Pa access port imabwera yokha, ndipo pa trunk imatchedwa native VLAN. Mwachidule:

enable
configure terminal
vlan 10
name OFESI
vlan 20
name ALENDO
vlan 30
name MAKAMERA
vlan 99
name ZIDA
interface range FastEthernet0/9 - 13
switchport mode access
switchport access vlan 10
interface FastEthernet0/1
switchport mode trunk
switchport trunk allowed vlan 10,20,30,99
interface range FastEthernet0/2 - 3
switchport mode trunk
switchport trunk native vlan 99
switchport trunk allowed vlan 10,20,99
interface vlan 99
ip address 10.10.99.2 255.255.255.0
no shutdown
exit
ip default-gateway 10.10.99.1
end
copy running-config startup-config

Ma port a makamera, a m'holo ndi port 16 akonzeni mofanana ndi a ofesi, kungosintha nambala. Onani zotsatira ndi show vlan brief komanso show interfaces trunk. Tsiku lina mukadzafuna kuonjezera VLAN pa trunk, lembani switchport trunk allowed vlan add 40. Mukaiwala add, nambala yatsopanoyo imalowa m'malo mwa mndandanda wonse, ndipo loji yonse imaduka nthawi imodzi.

Gawo lachinayi: Wi-Fi

Lumikizani ma access point pa port 2 ndi 3. Poti kumeneko VLAN 99 ndi Untagged, atenga okha maadiresi a 10.10.99 popanda kuwauza chilichonse, ndipo ngakhale wina atadzawapanga reset adzabwerera pomwepo. N'chifukwa chake ndimakonda njira imeneyi kuposa kuika chizindikiro pa VLAN yoyendetsera access point.

Pangani maina awiri a Wi-Fi. La ofesi, pa malo a VLAN ID lembani 10. La alendo lembani 20. Onse akhale pa WPA2 kapena WPA3 ndi mapasiwedi osiyana. Pa la alendo yatsani chimene chimatchedwa client isolation kapena Guest Network, kuti mafoni ndi malaputopu a alendo asaonane okhaokha. VLAN imatchinga pakati pa magulu, koma anthu a gulu limodzi amaonanabe ngati simunayatse chimenechi.

Musachulukitse maina. Dzina lililonse limadzilengeza mumlengalenga kangapo pa sekondi, ndipo akachuluka amadya mpata wa uthenga weniweni. Pa 2.4 GHz gwiritsani ntchito matchanelo 1, 6 ndi 11 okha, ma access point oyandikana asafanane tchanelo. Makoma a njerwa zootcha ndi malata amafooketsa kwambiri 5 GHz, ndiye access point ikhale m'khonde loyang'ana zitseko za zipinda, osati m'denga pamwamba pa siling'i.

Pasiwedi ya ofesi ikangoperekedwa kwa mlendo mmodzi chifukwa "ya alendo ikuchedwa", ntchito yonseyi yapita pachabe. Afotokozereni a pa resepishoni chifukwa chake, osangowaletsa.

Gawo lachisanu: firewall

Pofika pano ma VLAN akugwira, aliyense ali ndi intaneti, ndipo ambiri amalongedza zida n'kumapita. Koma alendo akadafikabe ku ofesi. Swichi yawalekanitsa, inde, koma ntchito ya rauta ndi kulumikiza manetiweki, ndipo onse anayi akumana pa iyo. Mukapanda kuiletsa, ipereka uthenga wochokera ku 10.10.20 kupita ku 10.10.10 mosanyinyirika. Kulekanitsa kwenikweni kuli m'mizere iyi, ndipo ndikutenga kuti NVR mwaipatsa adiresi ya 10.10.30.2:

/ip firewall filter add chain=forward in-interface=vlan20-alendo out-interface-list=!WAN action=drop comment="alendo intaneti yokha"
/ip firewall filter add chain=forward src-address=10.10.30.2 out-interface-list=WAN action=accept comment="NVR ituluke"
/ip firewall filter add chain=forward in-interface=vlan30-makamera action=drop comment="makamera asayambe kulankhula"
/ip firewall filter add chain=forward in-interface=vlan10-ofesi out-interface=vlan99-zida src-address=!10.10.10.10 action=drop comment="zida kompyuta imodzi yokha"

Mzere woyamba ukuti chilichonse chochokera kwa alendo chimene sichikupita ku intaneti chitayidwe. Wachiwiri ndi wachitatu ayenera kutsatana chomwecho, chifukwa rauta imawerenga malamulo kuchokera pamwamba ndipo imaima pa loyamba limene lagwirizana ndi uthengawo. NVR yokha ndi imene ikuloledwa kutuluka, kuti eni malo aziona zithunzi pa foni. Makamera enawo alibe chifukwa cholankhulira ndi dziko lakunja. Kompyuta ya mu ofesi ingathebe kutsegula makamera, pakuti malamulo a fakitale amene ali pamwamba amalola mayankho a kulumikizana kumene kwayambika kale. Wachinayi ukusiya kompyuta imodzi yokha, ya adiresi yosasintha ya 10.10.10.10, kuti izifika pa swichi ndi ma access point.

Ngati rauta ya kampani ya intaneti ikadali kutsogolo ndi netiweki yakeyake, dziwani kuti kwa MikroTik imeneyo ndi mbali ya WAN, kutanthauza mbali ya intaneti, ndipo alendo angafike pa tsamba lake. Isinthireni pasiwedi, muzimitse Wi-Fi yake, kapena muiike pa bridge mode ngati ilipo, kuti izingopereka intaneti ku rauta yanu. Ya Starlink ili ndi bypass mode.

Pa nkhani ya liwiro, n'zomveka kuwaikira alendo malire kuti makina olipirira asamadikire wina akutsitsa filimu. Chophweka ndi kuika malire pa dzina la Wi-Fi la alendo mu access point momwemo. Mukasankha Simple Queue ya MikroTik, kumbukirani kuti lamulo la fasttrack limene limabwera loyatsa limadutsitsa uthenga pambali pa queue, ndipo malire anu sagwira mpaka mutalizimitsa.

Kuyesa

Tengani foni mulowe pa Wi-Fi ya alendo. Intaneti itseguke. Kenaka mu browser lembani adiresi ya pulinta, ya NVR, ya swichi ndi ya rauta. Zonse zikane. Musadalire ping (kauthenga koyesera ngati chipangizo chikuyankha) yopita ku kompyuta ya Windows, chifukwa Windows imakana ping yochokera ku netiweki ina ngakhale njira ili yotsegula, ndipo mungaganize kuti mwatchinga pamene simunatchinge. Tsamba la pulinta silinama. Bwerezani pa Wi-Fi ya ofesi: pulinta ndi NVR zitseguke, swichi ikane pokhapokha muli pa kompyuta yololedwa ija.

Chipangizo chikaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti sichinamve DHCP. Yambani ndi PVID ya port yake, kenaka onani ngati VLAN imeneyo ili Tagged pa port 1. Ngati pa kebulo zikugwira koma Wi-Fi imangoti ikufuna adiresi osaipeza, VLAN ya dzinalo siinaikidwe Tagged pa port ya access point. Chikalandira adiresi ya 192.168 imene simukuidziwa, pali wina amene wabweretsa karauta kake n'kukalumikiza pa soketi ya pakhoma. Kafufuzeni, ndipo ngati swichi ili ndi DHCP snooping iyatseni. Netiweki yonse ikangouma magetsi a ma port onse akuthwanima mothamanga limodzi, kebulo ina yalowa mbali zonse ziwiri mu swichi. Yatsani loop prevention kapena spanning tree lero lomwe, zisanachitike.

Dandaulo limene mudzalimve ndithu ndi la pulinta. Foni imene ili pa VLAN ina siingaipeze yokha, chifukwa mauthenga odzilengezera a pulinta sadutsa rauta. Kwa antchito, yankho ndi kulowa pa Wi-Fi ya ofesi. Ngati eni malo akufunadi kuti a m'misonkhano azipulinta, ikani lamulo lolola VLAN 20 kufika pa adiresi ya pulinta yokhayo, pamwamba pa lija lotaya, ndipo pulintayo aziiwonjezera polemba adiresi yake.

Magetsi, mphenzi ndi makoswe

Rauta, swichi ndi bokosi la intaneti zikhale pa UPS imodzi kapena pa inveta. Nyengo ya mvula, kebulo ya kopa yodutsa panja kuchoka pa nyumba ina kupita pa ina imatenga mphamvu ya mphenzi ngakhale yagwera patali, ndipo imaotcha port, nthawi zina swichi yonse. Pakati pa nyumba ziwiri faiba ndi yabwino koposa chifukwa siinyamula magetsi. Ngati ndalama sizikulola, ikani zotchinjiriza mphenzi mbali zonse ziwiri ndi waya wa earth wokhomedwa bwino. Swichi yachiwiri ya kumeneko ilumikizidwe ndi trunk, ma VLAN ofanana mbali zonse. M'denga pititsani makebulo m'mapaipi, makoswe amawatafuna.

Zonse zikayenda, sungani makonzedwe. Pa MikroTik lembani /export file=loji, mukopere fayiloyo kuchokera pa Files, podziwa kuti mapasiwedi a olowa mu rauta sakhalamo. Pa swichi pali tsamba la Backup. Mafayilowa akhale pa fulashi ya eni malo, osati pa laputopu yanu yokha. Pepala lija la ma port likopedwe bwino limatidwe mkati mwa chitseko cha kabati, mapasiwedi aikidwe mu envelopu kwa a manijala. Auzeninso antchito onse kuti intaneti ikavuta angathe kuzimitsa ndi kuyatsanso zida, koma kabowo kolembedwa reset asakalase ndi waya, chifukwa swichi ikabwerera za ku fakitale ma port onse amagwera mu VLAN 1, ndipo palibe amene adzalandire adiresi kufikira wina atabwera ndi fulashi ija kudzabwezeretsa.